Denga likudontha, alandilodi akungoti "mawa": mungatani inu wophunzira wa pa lendi?

Chaka changa chachiwiri ku yunivesite ku Zomba ndinkachita lendi ku Chikanda, m'kachipinda kamodzi mwa tizipinda 6 tomangidwa mondondozana kuseri kwa nyumba ya eni ake. Usiku wina mu Januwale ndinadzidzimuka kutulo madzi akundidonthera pakhosi. Ndinakoka bedi n'kuliika pakati, n'kutchera ndowa. Dontho lina linayamba pa tebulo, n'kutcherapo poto. Pofika m'mawa matilesi anali atanyowa mbali imodzi, ndipo kope la manotsi a semesita yonse linali litamatana masamba. Ndinapita kwa bambo mwini nyumba, iwo anandilandira bwino n'kuyankha kuti, "Ndamva mwanangu, mawa ndiitana mmisiri." Mawa limenelo linatenga milungu 7.

Chimene ndinazindikira pambuyo pake n'chakuti bambo aja sanali munthu woipa mtima. Ineyo ndinkapempha m'njira yosavuta kuiwala. Ndinkanena ndekha, pakamwa, tikakumana pa mpopi, ndipo lendi ya miyezi itatu ndinali nditalipira kale. Panalibe chowakakamiza, panalibenso chowakumbutsa. Zimene ndikulemba pano n'zimene ndikanakonda wina akanandiuza nthawi imeneyo. Malo ogona a pasukulu sakwanira, kaya ndi ku UNIMA, ku MUBAS, ku Mzuni, ku Bunda kapena ku MUST, choncho ophunzira ambiri amakhala m'nyumba za anthu, ndipo nkhani ya zokonzakonzayi imabwera chaka ndi chaka.

Mphamvu zanu zili pa tsiku limene simunalipire

Eni nyumba ambiri a kufupi ndi masukulu amafuna ndalama ya miyezi itatu kapena ya semesita yonse pakamodzi. Ndalamayo ikadali m'foni mwanu, mawu anu amamveka. Ikangochoka, mwasanduka wopempha. N'chifukwa chake kukonzetsa nyumba kumayamba musanalowemo.

Ndikudziwa kuti sukulu ikamatsegulira zipinda zimalimbiranidwa, ndipo munthu umaopa kuti ukachulutsa mafunso chipinda apatsa wina. Komabe mphindi 15 zokha n'zokwanira. Pitani masana. Tsekani chitseko ndi mawindo kuti m'chipindamo mude, kenako yang'anani kumwamba. Ngati mulibe siling'i, paliponse pamene pakulowa kadontho ka kuwala ndi pamene padzalowe madzi mu Disembala. Ngati siling'i ilimo, funani madontho ofiirira ndi malo amene yatsika mimba. Gwirani khoma m'munsi cha pansi: likakhala lozizira, penti ikusupuka, kapena pali chuku, chipindacho chimamwa madzi. Lumikizani chaja ya foni pa soketi iliyonse. Tsegulani mpopi. Kalowereni kuchimbudzi ndi kubafa, musangosuzumira. Ndipo funsani mnzanu amene akukhala kale pamalopo kuti mvula ikagwa zimakhala bwanji, komanso kuti akadandaula zinthu zimatenga nthawi yaitali bwanji. Safunsa anadya phula.

Chilichonse chimene mwapeza jambulani ndi foni, ndipo tumizani zithunzizo kwa mwini nyumba pa WhatsApp tsiku lomwelo, musanatumize ndalama. Zithunzi zimenezi zili ndi ntchito ziwiri. Zimasonyeza zoyenera kukonzedwa, komanso zimadzakutetezani tsiku lotuluka, pamene wina angafune kudula dipoziti yanu chifukwa cha galasi limene munalipeza losweka kale. Ngati pali chachikulu, monga loko yosagwira kapena denga lobooka, nenani mwaulemu kuti mulipira mwezi umodzi lero, yotsalayo ntchito ikatha. Si onse amene angavomere. Koma amene wakaniratu ngakhale kulemba pa foni kuti adzakonza wakuuzani kale mmene miyezi ikubwerayi idzayendere.

Polipira gwiritsani ntchito Airtel Money, Mpamba kapena banki, kuti pakhale umboni wa tsiku ndi ndalama. Mukapereka pamanja, pemphani lisiti, olo ikhale yolemba pa pepala la m'kope n'kusainira.

Kodi vutoli ndi la ndani?

Mikangano yambiri imayambira apa. Ngati munasainirana kalata ya mgwirizano, yambani mwaiwerenga, chifukwa zimene zalembedwamo ndi zimene zidzatsatidwe nkhani ikapita patali. Ngati kalata palibe, monga mmene zimakhalira m'malo ambiri, kagawidwe kamene anthu ambiri amakavomereza n'kotere. Zimene zili thupi la nyumba ndi za mwini wake: denga, makoma, mawaya a m'khoma, mapaipi, chimbudzi, zitseko ndi mafelemu, komanso chilichonse chimene chatha chifukwa cha kukalamba. Zimene mwawononga inu kapena alendo anu ndi zanu, pamodzi ndi tinthu timene timatha tsiku ndi tsiku monga babu. Mukataya kiyi, loko yatsopano mugula ndinu. Sinki ikatsekeka ndi makoko a nsima, musayembekezere kuti wina akulipirirani.

Ndikunena zimenezi chifukwa wophunzira amene amavomera zolakwa zake amamvedwa msanga akabwera ndi za denga. Amene amathamangira kwa mwini nyumba ndi babu lakupsa amatopetsa anthu, ndipo tsiku limene wabwera ndi nkhani yeniyeni amangomuyankha mwachizolowezi.

Palinso mbali yachitatu. Vuto la madzi likakhala pa mita kapena kumsewu mita isanafike, ndi la bungwe loona za madzi: Southern Region Water Board ku Zomba, Northern Region Water Board ku Mzuzu, Blantyre Water Board kapena Lilongwe Water Board m'mizinda iwiriyo. Likakhala kuyambira pa mita kulowa m'nyumba, ndi la mwini malo. Magetsinso chimodzimodzi: mita ndi waya wochokera pa polo ndi za ESCOM, za m'nyumba ndi za mwini nyumba.

Kanenedwe kamene kamagwira ntchito

Kwathu kuno munthu wamkulu sumamuyamba ndi kalata. Pitani kaye pamaso, perekani moni, fotokozani, ndipo ngati n'kotheka atengeni akaone okha. Koma mukangosiyana, lembani uthenga wobwereza zimene mwakambirana. Mwachitsanzo:

"Mwaswera bwanji bambo. Ndine wa m'chipinda chachitatu. Zikomo pondimvera masana aja za denga limene likudontha pamwamba pa bedi kuyambira Lolemba. Zithunzi ndi izi. Munati mmisiri abwera Loweruka. Ine ndidzakhalapo kuyambira 8 koloko m'mawa kuti ndimutsegulire."

Mu uthengawu mulibe chipongwe, koma muli zonse: vuto, malo ake, tsiku limene linayamba, lonjezo, ndi tsiku la lonjezolo. Mawu akuti "mawa" kapena "posachedwa" musawalandire opanda dzina la tsiku. Funsani mofatsa kuti, "Ndiye ndimuyembekezere liti, kuti ndisapite ku laibulale?" Loweruka likadutsa, lembaninso Lamlungu kapena Lolemba, osati patatha mwezi.

Ngati pamalopo pali woyang'anira, kaya ndi mlonda, mphwake wa eni ake kapena ajenti, uzani iyeyo koma pezaninso nambala ya mwini wake weniweni. Nthawi zambiri woyang'anirayo alibe ndalama m'manja, ndipo ena amaopa kuuza abwana awo nkhani zofuna ndalama. Mukhoza kudandaula mwezi wathunthu uthenga wanu usanafike kwa amene angagule lata.

Chimene chinatsegula njira kwa ife ku Chikanda chinali kulankhula pamodzi. Nditafunsa anzanga, ndinapeza kuti zipinda 4 mwa 6 zija zinkadontha, ndipo aliyense ankadandaula payekha n'kumaganiza kuti tsoka ndi lake lokha. Tinapangana, tinapita tonse madzulo ena, mmodzi yekha n'kulankhula. Mutu umodzi susenza denga. Wophunzira mmodzi akhoza kuuzidwa kuti ngati sakufuna asamuke, koma zipinda 4 kutsala zopanda anthu pakati pa semesita ndi nkhani imene mwini nyumba aliyense amaiganizira kawiri.

Pitaninso ndi mtengo. Kunena kuti "denga likudontha" kumamuopsa munthu, chifukwa m'mutu mwake akuona malata atsopano a nyumba yonse. Kunena kuti "tafunsa kalipentala wa pamsika, akuti pakufunika lata limodzi, misomali ndi phula, ndipo zonse pamodzi ndi ntchito yake zikwana mwakuti" kumachepetsa phiri lija n'kukhala chulu. Kumbukirani kuti ambiri mwa eni nyumbazi ndi anthu opuma pantchito kapena amayi amasiye amene anamanga tizipindato ndi ndalama ya penshoni, ndipo lendi yanu ndiyo chakudya chawo. Kwacha itatsitsidwa mphamvu ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, mitengo ya simenti, malata ndi mapaipi inakwera kwa iwonso. Zimenezi sizichotsa udindo wawo, koma zimakuthandizani kudziwa kuti nthawi yabwino yopempha ndi pamene lendi yangolowa kumene kapena ikuyembekezeka, osati pakati pa mwezi m'thumba mwawo mutauma.

Denga

Madzi amanama. Pamene akudonthera si pamene alowera nthawi zonse, chifukwa amatha kulowa pa bowo la msomali kumtunda, n'kuyenda ndi thabwa, n'kudzagwera patali. Malo amene amavuta kawirikawiri ndi pa misomali imene yachita dzimbiri kapena yasukusika ndi mphepo, pamene malata awiri akumana, pamsonga pa denga, ndi pamene denga lagundana ndi khoma. Mvula ikamagwa tengani choko n'kulemba pansi kapena pakhoma pamene pakudontha, jambulaninso kavidiyo. Mmisiri amabwera kukuwala dzuwa, ndipo popanda zizindikirozi amangomata mongoganizira n'kumapita.

Musakwere padenga nokha, makamaka lonyowa. Lata lakale limatha kubooka ndi phazi, ndipo mukaliphwanya mlandu usanduka wanu. Siling'i ikatsika mimba ndi madzi, chotsani bedi pansi pake chifukwa imagwa yonse pakamodzi. Madzi akamatsikira pa babu kapena pa switchi, zimitsani magetsi a chipindacho pa bokosi lalikulu, ndipo nkhaniyo isadikirenso Loweruka.

Nthawi yabwino yokonzetsa denga ndi Seputembala ndi Okutobala, mvula isanayambe. Amene munaona madontho chaka chatha, yambani kulankhula nthawi imeneyo. Ndipo khoma la njerwa zosawotcha kapena lomangira dothi likayamba kung'aluka, kufufuma kapena kupendekeka m'nyengo ya mvula, tulukanimo usiku womwewo mukagone kwa mnzanu. Tonse tikukumbukira zimene namondwe wa Freddy anachita mu Malichi 2023 ku Chilobwe ndi madera ena a kum'mwera. Khoma lonyowa silichenjeza kawiri.

Magetsi: apa ndi pamene pali imfa

Magetsi akazima, yambani mwaona ngati kwa aneba kukuyaka. Ngati dera lonse lili mumdima, ndi za ESCOM, dikirani. Ngati kwa ena kukuyaka, onani mita ngati ili ndi mayunitsi. Mayunitsi alipo koma m'nyumba muli mdima, pitani pa bokosi la maswitchi muone ngati ina yagwa. Ikakhala yagwa, zulani zipangizo zonse m'masoketi, ikwezeni, kenako lumikizani chimodzichimodzi. Chimene chigwetsenso switchiyo ndicho chili ndi vuto, ndipo ngati ndi hotipuleti yanu, kukonza n'kwanu. Ikamagwabe zonse zili zozula, vuto lili m'mawaya a nyumba, ndipo pakufunika wazamagetsi woitanidwa ndi mwini nyumba.

Pali kawerengedwe kochepa kamene wophunzira aliyense ayenera kukadziwa. Magetsi athu ndi a mavoti 230, ndipo pulagi ya mano atatu imene timagwiritsa ntchito imanyamula maampu 13, amene ndi mawati pafupifupi 3,000. Ketulo yokha imadya mawati pafupifupi 2,000, hotipuleti ya mbale imodzi 1,000 kapena 1,500. Mukalumikiza ziwirizi pa ekisitenshoni imodzi, mwafika kale pamalire kapena mwadutsa, ayironi isanabwere n'komwe. Nyumba zambiri za lendi zinaikidwa mawaya poganizira banja limodzi lophika pamodzi, koma lero muli ophunzira 10, aliyense ndi hotipuleti yake, onse akuphika 6 koloko madzulo. Switchi ikamagwa nthawi imeneyo ndiye kuti ikugwira ntchito yake yoteteza nyumba kuti isapse. Gawanani nthawi yophikira pamene mukukambirana ndi mwini nyumba zoonjezera mawaya. Wina akabwera ndi nzeru yomanga switchiyo kuti isamagwe, kapena yoika waya m'malo mwa fyuzi, mukanizeni ngakhale akhale mwini nyumba amene.

Zizindikiro izi musazidikirire ngakhale tsiku limodzi: fungo la pulasitiki yopserera, soketi yotentha kapena yoda m'mbali, kuthetheka mukamalumikiza chinthu, waya wosenda amene akuoneka, komanso kugwidwa nyesi mukakhudza mpopi, chitseko chachitsulo kapena mukamasamba. Chomalizachi anthu amachiseka, amati "mpopi uja umaluma", koma tanthauzo lake n'lakuti magetsi akuyenda m'chitsulo ndipo waya wowatsitsira pansi sakugwira. Munthu wonyowa, wopanda nsapato, ali pa simenti, akhoza kufera pomwepo. Zimitsani pa bokosi, uzani anzanu onse, imbani foni kwa mwini nyumba nthawi yomweyo, ndipo pemphani kuti abwere ndi wazamagetsi amene ali ndi chiphaso cha MERA, bungwe la boma loyang'anira za magetsi, osati mnyamata wongodziwa kulumikiza mawaya. Mita ya ESCOM musaigwire ndipo musalole kuti wina ailambalalitse waya. Umenewo ndi mlandu, ndipo akabwera oyendera amapeza inu amene mukukhalamo.

Za mayunitsi othera msanga pa mita ya anthu ambiri si nkhani yokonza, koma imadanitsa anthu kuposa denga. Sankhani munthu mmodzi wosonkhetsa, ndipo uthenga wa tokeni uzitumizidwa pa gulu la WhatsApp kuti aliyense aone. Ngati mukukayikira kuti mita yanu ikudyetsanso nyumba yaikulu kapena kashopu ka kutsogolo, zimitsani zonse m'zipinda zanu kwa kanthawi muone ngati mayunitsi akutsikabe.

Madzi

Bilu ikakwera mosadziwika bwino, tsekani mipopi yonse, lembani manambala a pa mita, dikirani ola limodzi popanda wotunga, muwerengenso. Akasintha, madzi akutayika penapake. Kawirikawiri wakuba amakhala thanki ya chimbudzi chogejemula imene imangotsitsa madzi mwakachetechete usana ndi usiku. Thirani tiyi wakuda wopanda mkaka m'thankimo, osagejemula, mubwereko patatha mphindi 20. Mtundu ukaoneka m'munsi, labala ya m'thankimo yatha. Ngati si chimbudzi, yendani motsatira paipi kuchokera pa mita: malo amene pali chinyezi kapena udzu wobiriwira nthawi ya chilimwe ndi pamene yaphulika. Mpopi wodontha nthawi zambiri umangofuna washala, kanthu kotsika mtengo kamene pulambala amasintha m'mphindi zochepa.

Kukonzetsa zimenezi n'kosavuta kukambirana, chifukwa mukhoza kumuonetsa mwini nyumba kuti madzi otayikawo ndi ndalama. Chovuta ndi pamene madzi adulidwa chifukwa cha ngongole, inu mukupereka ya madzi mwezi uliwonse. Zikatero pemphani kuona bilu yeniyeni, ndipo pemphani kuti kuyambira pamenepo muzilipira nokha ku bungwe la madzi pogwiritsa ntchito nambala ya akaunti ya pamalopo, ndalamayo isamadutsenso m'manja mwa munthu.

Chimbudzi chodzadza

Ichi anthu amachita nacho manyazi, ndipo chimachedwa kunenedwa. Chimbudzi chokumba chikadzadza kapena silabu ikang'aluka, kapena thanki ya zonyansa ikamasefukira pabwalo, si nkhani ya fungo chabe. Kolera amene anabuka mu 2022 n'kupitirira mpaka 2023 anapha anthu oposa 1,700 m'dziko muno, ndipo malo okhala anthu mothithikana, a madzi ndi zimbudzi zosalongosoka, ndi amene matendawa amakonda. Kupopa kapena kukumba china ndi udindo wa mwini malo. Mbali yanu ndi kusataya mapadi, matewera, mapepala olimba ndi mapulasitiki m'chimbudzi chogejemula, chifukwa pulambala akazitulutsa m'paipi, mtengo ubwerera kwa inu. Pa nkhani iyi muli ndi kothawira kwenikweni: a zaumoyo a ku khonsolo ya mzinda kapena ya boma amayendera malo otere, ndipo alangizi a zaumoyo a m'dera lanu akhoza kubwera kudzaona. Muuzeni mwini nyumba poyamba kuti mukapanda kuthandizidwa pofika tsiku lakuti mupita kumeneko. Kawirikawiri mawu okhawo amakwanira.

Chitseko, loko ndi ulemu wanu

Loko yosagwira musagone nayo. Laputopu ndi foni zimabedwa m'zipinda za ophunzira, ndipo simudziwa kuti amene anakhalamo kale anasiya makiyi angati m'manja mwa anthu. Gulani loko yanu tsiku lolowa, ndipo muuzeni mwini nyumba kuti mwatero. Felemu yodyedwa ndi chiswe kapena zitsulo za pawindo zosukusika ndi za mwini nyumba.

Kwa achemwali anga ndinene mosabisa. Kukonza nyumba si chifukwa choti mwini nyumba kapena mmisiri alowe m'chipinda mwanu usiku, kapena inu kulibe popanda kukuuzani. Panganani nthawi ya masana, ndipo pakhale mnzanu. Wina akayamba kusonyeza kuti akukonzerani msanga kapena akuchotserani lendi mukamuchitira zakutizakuti, sungani mauthengawo, uzani ofesi ya Dean of Students, yoona za umoyo wa ophunzira pasukulu panu, ndipo dziwani kuti kupolisi kuli ofesi ya Victim Support Unit yoona nkhani zoterezi. Simunalakwe kanthu popempha kuti chitseko chanu chizitsekeka.

"Konzani nokha, tidzachotsera pa lendi"

Iyi ndi njira imene imathetsa nkhani zambiri, komanso ndi imene ophunzira ambiri amatayira ndalama. Mawuwa akanenedwa pakamwa, mwezi ukatha amaiwalika, kapena mumva kuti "sindinanene kuti mugule zodula chonchi". Choncho musagule kanthu musanalandire yankho lolembedwa. Tumizani uthenga wonena ntchito yake, mmisiri wake, mtengo wake, ndi mwezi umene ndalamayo idzachotsedwe, ndipo dikirani mpaka ayankhe kuti "chabwino". Tiyerekeze lendi yanu ndi K60,000 ndipo ntchito ikufuna K25,000: uthengawo unene kuti mwezi wa mawa mudzapereka K35,000. Zipangizo kagulani nokha ku hadiweya kuti mukhale ndi lisiti. Mmisiri musamupatse yonse ntchito isanathe, ndipo ya denga ndi bwino kusunga kagawo mpaka mvula itagwapo kamodzi. Jambulani asanayambe ndi atamaliza.

Ntchito yaikulu, monga kusintha mawaya a nyumba yonse kapena kukumba chimbudzi, musaisenze ngakhale akulonjezeni zotani. Ndalama ya upkeep (yodzisamalira muli pasukulu) kapena ngongole ya maphunziro ya ku Loans Board si yomangira nyumba ya munthu wina, ndipo mukasamuka isanabwezedwe yonse simudzaionanso.

Nanga kungosiya kulipira lendi mpaka akonze? Ndikumvetsa mtima umene umafikitsa munthu pamenepo, koma sindikulangizani kutero mwa inu nokha. Tsiku limene mwasiya kulipira, nkhani imasintha mutu. Sikhalanso ya denga lodontha, imakhala ya wophunzira wangongole, ndipo mwapereka chifukwa chokutulutsirani, mwina sabata ya mayeso. Ngati mwafika poganiza zimenezi, sungani ndalamayo osaidya, lembani kuti ilipo ndipo mupereka ntchito ikayamba, ndipo funsani kaye uphungu kwa odziwa malamulo.

Zonse zikakanika

Yambani ndi apafupi. Bungwe la ophunzira ndi ofesi ya Dean of Students amadziwa eni nyumba ambiri a m'deralo, ndipo mwini nyumba amene amadalira ophunzira chaka chilichonse safuna kuti dzina lake liipe pasukulu. Kenako pali amfumu kapena a block leader a m'deralo, amene amatha kukhazika anthu pansi popanda kuwononga ndalama. Pitani ndi zithunzi, mauthenga ndi umboni wa malipiro, ndipo fotokozani motsatira masiku, osakweza mawu. Nkhani ikakhala ya ndalama zambiri, monga dipoziti yokanizidwa, katundu wowonongeka chifukwa cha vuto limene munanena kalekale, kapena kutsekeredwa kunja katundu ali m'kati, pitani ku Legal Aid Bureau, amene amathandiza anthu osakwanitsa kulipira loya, kapena kafunseni ku khoti la majisitireti. Kulemba dzina la munthu pa Facebook mutakwiya kusiyeni, chifukwa kukhoza kukubweretserani mlandu wina pamwamba pa umene muli nawo.

Nthawi zina yankho ndi kusamuka basi. Ngati vuto ndi loika moyo pachiswe ndipo mwini nyumba waonetsa kuti sakonza, yambani kufunafuna kwina mwakachetechete, perekani notisi molemba monga munagwirizanirana, ndipo tsiku lotuluka yendani naye m'chipindamo mukujambula, kuti za dipoziti zithere pomwepo. Mnzanu wa chaka choyamba akadzakufunsani za malowo, muuzeni zoona.

Ife denga lathu linakonzedwa Loweruka lotsatira ulendo wa tonse uja. Kalipentala anakwera ndi lata limodzi ndi kachitini ka phula, mnzathu wina ali m'kati akumulozera pamene tinalemba ndi choko. Anapeza kuti dontho la pa bedi langa linkachokera pa misomali iwiri yokha, pafupifupi mita yathunthu kumtunda kwa pamene ndinkatchera ndowa. Ntchito yonse ya zipinda 4 inatha nthawi ya nkhomaliro isanakwane, ndipo ndalama yake tinachotsa pa lendi ya Malichi, monga mmene bambo aja anayankhira pa foni.